Kumvera Mawu a Mulungu pamene zikupweteka m'thumba ndi m'mudzi

Pali funso limene limabwerabwera tikakhala pa maphunziro a Baibulo kuno ku Angonia, makamaka kuchokera kwa achinyamata ndi anthu a geni, lakuti kodi munthu ungamvere zonse zimene Baibulo likunena n'kumadyabe nsima m'dziko lino? Ena amafunsa ngati nthabwala koma ukawayang'ana bwino umaona kuti nkhaniyo ikuwasowetsa tulo. Yankho limene amapatsidwa nthawi zambiri ndi lachidule, lakuti ingomverani abale Mulungu adzakudalitsani, nde aliyense amati ameni n'kubalalika funso lija lili pompo. Ine ndimaona kuti nkhaniyi ndi yofunika kuikhalira pansi, chifukwa kumvera kumadula zoona, komanso pali mitengo iwiri imene anthu amaisokoneza, mtengo umene Mawu a Mulungu amakulipiritsa ndi mtengo umene anthu anzako amakusenzetsa m'dzina la Mulungu.

Tiyambe ndi sikelo poti tonse timaidziwa. Ikafika nyengo yokolola mukayenda mumsewu wochoka ku Ulongue kupita ku Domue kapena kulowera ku Calomue, pafupifupi pamtengo uliwonse wa mthunzi pamakhala sikelo yolendewera ndi mnyamata atakhalira matumba kudikira alimi a soya, nyemba ndi chimanga. Tiyerekeze kuti mavenda awiri akhala moyandikana. Woyamba ndi mkulu wa mpingo, sikelo yake ndi yoona, akugula pa 20 metikashi pa kilo. Wachiwiri sikelo yake anaiseweretsa moti thumba la makilo 50 limaonetsa 46, nde iye akukuwa 21. Mayi wafika ndi thumba panjinga atakankha kuchokera kumudzi, wamva 20 uku wamva 21 uko, inu mukuganiza alowera kuti? Kwa mkulu wa mpingo akanalandira 1,000, kwa winayu alandira 966 n'kubwerera kwawo akusangalala kuti lero ndagulitsa pamtengo wabwino, mawa abweretsanso anzake. Apa nde pali vuto lenileni, chifukwa wakuba uja sakubera mlimi yekha, akulandanso makasitomala a munthu woona uja, ndipo pofika madzulo wina wadzaza lole pamene wina ali ndi timatumba tisanu, ndalama ya mpamba anachita kukongola, kunyumba ana akufuna makope.

Baibulo pa nkhani ya sikelo silizungulira ayi. Levitiko 19:35-36 akuti miyeso ikhale yoona. Deuteronomo 25:13-16 akuletsa kukhala ndi miyala iwiri yoyezera m'thumba mwako, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Miyambo 11:1 akuti sikelo yonyenga imamunyansa Yehova. Koma amene amandiopsa ine ndi Amosi chaputala 8, chifukwa anthu amene akuwadzudzula pamenepo si akunja, ndi anthu osunga Sabata bwinobwino, amangoti kodi Sabata litha liti kuti titsegule malonda, tichepetse muyeso, tikweze mtengo, tigulitse ndi zinyalala za tirigu zomwe. Ndiye kuti anali anthu opemphera ngati ife tomwe. Ndipo alimi musaseke mavenda, mavesi omwewa akukhudzanso uja amawaza madzi mu soya usiku kuti alemere, uja amasakaniza mchenga, ndi uja wa ku Tsangano amene amaika mbatatesi zikuluzikulu pakamwa pa thumba tinyenyeswa tonse tili pansi. Aliyense amati ndikuba chifukwa nayenso akundibera, mpaka msika wonse palibe wokhulupirira mnzake.

Za fodya ndi chimodzimodzi. Watenga feteleza ndi mbewu pangongole kukampani mogwirizana kuti udzagulitsa kwa iwo, fodya wachita bwino, wabwera wina wapanjinga yamoto ndi ndalama m'manja kuti tigulitseni kumbali. Salmo 15 pofotokoza munthu woyenera kukhala m'chihema cha Mulungu, pa vesi 4 akunena za munthu amene akalumbira sasintha ngakhale lonjezolo litamupweteka. Taonani kuti wolemba salmo akudziwiratu kuti lonjezo limatha kupweteka. Izi sizikutanthauza kuti wogula fodya ali ndi ufulu wokuponderezani pa giredi, naye Yakobo 5:4 akumudikira pa nkhani ya malipiro a olima obisidwa mwachinyengo, ndipo alimi kudandaula pamodzi pa mtengo si tchimo. Koma tchimo la wogula silifafaniza dzina lako papepala limene unasaina.

Tsono apa ndi pamene ulaliki wambiri wa masiku ano umatisokeretsa. Timauzidwa kuti venda woona uja angopirira pang'ono, chaka chamawa Mulungu amubwezera kakhumi, agula lole yake. Mwina zichitika, Mulungu palibe chomulaka, ndipo nthawi zina alimi amazindikira n'kubwerera kwa munthu woona. Koma Baibulo silinalonjeze kuti zidzatero nthawi zonse, ndipo kuuza munthu kuti linalonjeza ndi kumutchera msampha, chifukwa chaka chamawa chikafika lole osaoneka amayamba kuganiza kuti Mulungu ndi wabodza kapena kuti wina wamulodza. Werengani Machitidwe 12, chaputala chimodzi chomwecho Herode akupha Yakobo ndi lupanga kenako mngelo akutulutsa Petro m'ndende. Onse awiri anali atumwi, onse awiri anali omvera, palibe pamene akuti Yakobo anali ndi chikhulupiriro chochepa. Ahebri 11 imene timaikonda ija imatchula anthu otseka pakamwa pa mikango, koma kuyambira vesi 35 ikusimba za ozunzidwa, oponyedwa miyala, ochekedwa pakati, oyendayenda atavala zikopa za mbuzi, ndipo onsewo akuwerengedwa m'gulu limodzi la chikhulupiriro. Anyamata atatu a mu Danieli 3 aja, mawu awo olemera kwambiri ali pa vesi 18, pamene akuuza Nebukadinezara kuti ngakhale Mulungu wathu asatilanditse fano lanu sitiligwadira. Anaganiza zomvera asanadziwe mathero ake. Yesu mwini pa Luka 14:28 anauza khamu lomutsatira kuti munthu wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake, sanawabisire kuti pali mtengo.

Ife a ku Tete sitifunika kupita kutali kukafuna zitsanzo, mbiri yathu yomwe ndi yodzaza. Mishoni ya Dutch Reformed ku Mphatso inatsegulidwa mu 1909 ndipo boma la Apwitikizi linaitseka mu 1922, koma akhristu aja sanathe, anapitiriza kupemphera opanda amishoni, ena akuyenda pansi kuoloka malire kukabatizidwa ndi kukadya mgonero ku mipingo ya ku Nyasaland. Mpingo wa Igreja Reformada umene tikuuona lerowu unadutsa m'menemo.

Kumbali ya Akatolika zinthu zinali zovuta mwanjira ina, chifukwa pangano la 1940 pakati pa Vatican ndi Portugal linamangirira mishoni ku boma la atsamunda, boma limapereka ndalama, mishoni imayendetsa sukulu za anthu akuda, ndiye wansembe wofuna kudzudzula nkhanza za asilikali amakhala akuluma dzanja lomudyetsa. Komabe ena analankhula. Ansembe a gulu la White Fathers anachoka m'dziko muno mu 1971 pokana kuti mpingo ukhale chophimbira zoipa za boma. Ansembe awiri a ku Mucumbura amene anaulula za kuphedwa kwa anthu kumeneko anatsekeredwa m'ndende ya Machava. Ndipo pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi atapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo pafupi ndi mzinda wa Tete, anali ansembe a ku Spain a gulu la Burgos ndi anzawo akuno amene anamvetsera opulumuka n'kulemba maina a akufa, mpaka nkhaniyo inatuluka mu nyuzipepala ya The Times ku London mu Julaye 1973 kudzera mwa Bambo Adrian Hastings. Akanatha kungokhala chete n'kumachita misa mwamtendere. Boma la Portugal linadzapepesa za Wiriyamu mu 2022, patapita zaka pafupifupi 50.

Ufulu utabwera mtengo sunathe, unangosintha wotolera. Mu Julaye 1975 boma latsopano linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni, kupemphera kunayamba kuonedwa ngati kutsalira, kenako nkhondo ya pachiweniweni. Kufupi ndi Lifidzi, ku Chapotera, ansembe awiri a Chijezuwiti, Bambo João de Deus Kamtedza mwana wa kuno ku Angonia ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, anakhalabe pakati pa anthu nkhondo ili mkati, ndipo pa 30 Okutobala 1985 anatengedwa ndi anthu a mfuti n'kuphedwa. Dayosizi ya Tete inayambitsa ndondomeko yoti mpingo uwavomereze ngati ofera chikhulupiriro. Palinso a Mboni za Yehova, amene ine pa ziphunzitso zambiri sindigwirizana nawo koma pa nkhani iyi chipewa ndimavula. Ku Malawi analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuchotsedwa ntchito chifukwa chokana kugula khadi la chipani cha MCP, kakhadi kotchipa kwambiri koti munthu wina aliyense amangogula kuti adutse pamsika. Masauzande anathawira kuno n'kukhala m'misasa ya ku Mlangeni. Mu 1975 anabwezedwa ku Malawi, pamene a Mboni a kuno ku Mozambique amatumizidwa ku Carico m'boma la Milange chifukwa chokana kukuwa mawu otamanda chipani. Ku Malawi chiletso chinadzachoka mu 1993.

Wina afunsa kuti nanga Aroma 13 bwanji, si akuti tizimvera olamulira? Eya akutero, ndipo Paulo analemba zimenezo boma la Roma lili lachikunja. Nchifukwa chake mkhristu amalipira msonkho, amadutsa pa malire moyenera, sanena kuti poti ndine mwana wa Mulungu laisensi ya njinga yamoto sindiifuna. Koma malire ake ali pa Machitidwe 5:29 pamene Petro ndi anzake akuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Lamulo la boma likakukakamiza kuchita chimene Mulungu waletsa, kapena kukuletsa chimene Mulungu walamula, pamenepo umakana. Ndipo taonani m'mene amakanira anthu a m'Baibulo, Danieli sanatole mkondo, atumwi sanaotche nyumba ya mkulu wa ansembe, anakana poyera n'kulandira chilango pathupi pawo. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndi imene itithandize kusiyanitsa mitengo iwiri ija. Pa kumvera kwenikweni, wolipira kwambiri amakhala womvera mwiniyo, ndipo wopindula amakhala munthu wofooka, mlimi wapanjinga uja, wopulumuka wa ku Wiriyamu, akhristu a kumudzi amene anatsala ndi wansembe wawo.

Kukhululuka nako kuli m'gulu lomweli ndipo kuno si nkhani ya m'buku. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi kwina, Malawi inali itasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri anapeza kuti uja anatsogolera asilikali kunyumba kwawo akukhala tsidya la dambo lomwelo, akutunga pachitsime chimodzi, mwinanso Lamlungu ali pabenchi yakutsogolo. Panalibe khoti lowaweruza. Mateyu 18:21-35 kwa agogo athu amenewa inali ndi mtengo umene ife obadwa pambuyo sitingaumvetse. Chokhacho ndinganene nchakuti kukhululuka m'Baibulo sikunena kuti palibe chinachitika. Yosefe anawauza abale ake maso ndi maso kuti munandipangira choipa, ndipo Zakeyu atalapa anabweza kanayi. Amene amathamangira kuuza wolakwiridwa kuti khululuka koma wolakwa osamuuza kuti bweza mbuzi za eni, akulalikira theka la uthenga, theka lomwe ndi lopepuka kwa iye.

Tsopano mtengo wachiwiri uja, wabodza. Si kuvutika kulikonse kumene kuli chizindikiro chakuti ukumvera Mulungu, 1 Petro 4:15 akuchenjeza kuti wina asavutike ngati wakuba kapena wolowerera za eni n'kumati ndikuzunzikira Khristu. Ndipo si aliyense wogwira vesi amene akulankhulira Mulungu, pa Mateyu 4 Satana naye anatchula Salmo 91 pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, vesi loona ndithu koma ntchito yake yolakwika. Masiku ano mneneri amauza munthu amene ali pa ma ARV kuti taya mankhwala usonyeze chikhulupiriro, kapena kuletsa mayi kupita ndi mwana wa malungo kuchipatala, akuti kumvera kumadula. Yesu anamuyankha kale woteroyo, usamuyese Ambuye Mulungu wako. Paulo yemwe anachiritsa anthu uja anauza Timoteo kuti azimwa vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba mwake, ndipo ankayenda ndi Luka amene anali sing'anga wa chipatala. Mwana akamwalira mneneri uja salipira kanthu, mawa ali pa wailesi kapena pa Facebook ndi suti yatsopano.

Nkhani ya zopereka nde imafuna kuiona modekha chifukwa apa anthu osauka akudyeredwa kwambiri. Kupereka ndi lamulo ndipo kumapweteka, sindikutsutsa, mipingo yathu yambiri abusa amavutika zoona, ena amalima okha kuti adye. Koma pa Marko 7:9-13 Yesu anakalipira Afarisi chifukwa chophunzitsa kuti munthu atha kunena kuti chuma changa ndi Korban, chopatulikira Mulungu, n'kusiya bambo ndi mayi ake akuvutika. Yesu anati kumeneko ndi kupha Mawu a Mulungu ndi mwambo wa anthu. Ndiye munthu akakuuzani kuti gulitsani chimanga cha m'nkhokwe mu Januwale mudzale mbewu kwa munthu wa Mulungu, ana adya chiyani musadandaule, mukumbukire 1 Timoteo 5:8 imene ikuti wosasamala a m'banja lake wakana chikhulupiriro. Nkhani ya mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri pa Marko 12 imalalikidwa kwambiri pa tsiku la chopereka, koma ndi ochepa amene amawerenga vesi 40 yomwe ili pamwamba pake penipeni, pamene Yesu akudzudzula alembi olusira nyumba za akazi amasiye kwinaku akupemphera mapemphero ataliatali. Paulo pa 2 Akorinto 8:12-13 akuti munthu apereke monga mwa zimene ali nazo, osati kuti ena apepukidwe inu mupsinjike.

Chimodzimodzi m'banja. Mayi wabwera kwa amayi a chigwirizano diso litatupa, akumuuza kuti pirirani amayi, Aefeso 5:22 akuti akazi mverani amuna anu, banja ndi kupirira. Koma tsikani mizere itatu yokha, vesi 25 ikuuza mwamuna kuti akonde mkazi wake monga Khristu anakonda mpingo n'kudzipereka yekha chifukwa cha iwo. Mtengo waukulu pamenepo waikidwa pa mwamuna, pa wamphamvu. Palibe vesi limene limalola chibakera. Mozambique ili ndi lamulo la 2009 loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi ndi la 2019 loletsa kukwatitsa ana osakwana zaka 18, ndipo Aroma 13 yomweyo imene timaikonda ikuti olamulira anaikidwa kuti alange ochita zoipa, nde mpingo ukabisa mkulu wake womenya mkazi kapena kudalitsa ukwati wa kamtsikana ka sukulu poopa manyazi, usanene kuti ukumvera Malemba. Kumvera kodula pamenepa ndi kwa mbusa amene angayerekeze kuimitsa mkulu wopereka kwambiri mumpingo, podziwa kuti malata a tchalitchi amayembekezera thumba la munthu yemweyo.

Njira yozindikirira ndiye si yovuta kwambiri ngakhale imafuna mtima. Werengani chaputala chonse osati vesi limodzi lothyoledwa. Funsani ngati chimene mukuuzidwacho chikugwirizana ndi malamulo awiri amene Yesu anati Malemba onse apachikika pamenepo, kukonda Mulungu ndi kukonda mnzako. Kenako yang'anani amene akulipira ndi amene akupindula. Ngati wolamula kumverako ndi yemwe akunenepa, wolipira ndi wamasiye, mwana kapena wodwala, imani kaye. Yesu ananena za atsogoleri omanga akatundu olemera n'kusenzetsa anthu iwo osafuna kukhudza ndi chala chomwe, pa Mateyu 23:4.

Koma malo amene ine ndimaona kuti kumvera kumadula kwambiri kuno kwathu ndi pamaliro, chifukwa pamenepo amene ukutsutsana naye si boma kapena kampani, ndi magazi ako. Bambo wamwalira wasiya mkazi ndi ana anayi, nyumba ya malata, ngolo, ng'ombe ziwiri ndi dimba la mbatatesi. Maliro aikidwa, m'mawa mwake abale akumuna akhala pansi pa mtengo, mayi wamasiye ali chapatali pamphasa ndi azimayi anzake mutu uli pansi, ndipo mndandanda wayamba, ng'ombe zipita kwa akulu, ngolo kwa ang'ono, malata tidzaona. Pagulupo pali m'bale wake wa malemuyo amene ndi mkhristu, amadziwa Eksodo 22:22 kuti musazunze wamasiye kapena mwana wamasiye, amadziwa Yakobo 1:27 kuti chipembedzo choona ndi kusamala amasiye m'chisautso chawo, ndipo ngolo ija akuti ikhale yake. Akatsegula pakamwa kuti akuluakulu pepani, katunduyu ndi wa alamu ndi anawa, wataya ngolo, komano zimenezo ndi zazing'ono. Amalume amuyang'ana n'kunena kuti ukudziyesa wanzeru kuposa ife eti, wina aponya mawu akuti kapena pali chimene ukufuna kwa mlamu wakoyu, ndipo mawu omaliza amene amaopsa aliyense wa kumudzi ndi akuti chabwino, tidzaona amene adzakukumbire manda. Munthu wa mutauni sangamve kulemera kwa mawu amenewa. Kumudzi moyo wako wonse uli m'manja mwa abale, munda umapatsidwa ndi iwo, mlandu amakuimira ndi iwo, ukadwala amakunyamula ndi iwo.

Zimafika poipa kwambiri imfa ija ikati ifufuzidwe. Apita kukaombeza, abwerako ndi dzina, ndipo dzinalo kawirikawiri limakhala la gogo wina wosauka wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, kapena la wamasiye yemweyo. Mkhristu akakana kusonkha nawo ndalama ya kwa sing'anga n'kunena kuti sindingachitire munthu umboni wonama, lamulo lachisanu ndi chinayi lija, amauzidwa kuti woikira mfiti kumbuyo naye ndi mfiti. Apa sindikunena kuti mwambo wathu wonse ndi woipa, kutalitali. Mwambo womwewo ndi umene umati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndi umene umasonkhanitsa mudzi wonse kudzagona pa siwa, ndipo akhristu ena amalakwa ponyoza chilichonse cha makolo n'kumadzitcha ozunzidwa pamene angokhala amwano. Kukana mwaulemu, utagwada, ukutchula akulu maina awo aulemu, ukusonkha ufa ndi nkhuni ngati wina aliyense, n'kosiyana ndi kuimirira pakati pa bwalo n'kumatcha amalume ako ana a mdima. 1 Petro 3:15-16 akuti tiyankhe mofatsa ndi mwaulemu. Koma ngakhale utafatsa chotani, mtengo umakhalapobe.

Nde apa ndi pamene mpingo umayenera kulowa, ndipo kunena zoona apa ndi pamene timalephera kwambiri. Pa Marko 10:29-30 Yesu analonjeza kuti wosiya nyumba, abale, alongo, amayi kapena minda chifukwa cha iye adzalandira zochuluka makumi khumi m'nthawi ino, pamodzi ndi mazunzo. Alaliki ena amawerenga vesili ngati chiwongola dzanja cha ku banki, koma tangoganizani, munthu angalandire bwanji amayi 100? Amawalandira mumpingo. Nyumba zambirizo ndi nyumba za akhristu anzake zimene zatseguka kwa iye, monga pa Machitidwe 4:34 pamene akuti panalibe wosowa pakati pawo chifukwa eni minda ankagulitsa n'kugawana. Ndiye kuti lonjezo lija Mulungu analipachika pa ife, ndipo ngati m'bale wakana kulanda za wamasiye n'kusalidwa ndi abale ake, ife n'kungomuuza kuti Ambuye akulimbitseni kenako aliyense kwawo, ndife amene tapangitsa Mawu kuoneka ngati abodza. Agalatiya 6:2 akuti tinyamulirane zothodwetsa, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Pochita zake sizifuna ndalama zambiri. Akulu a mpingo kapena a mphakati atha kupita awiri atatu kukakhala nawo pa zokambirana za katundu ngati mboni, mwaulemu, atadzera kwa amfumu, chifukwa anthu amachita manyazi kugawana mbale za wamasiye pamaso pa alendo. Atha kulimbikitsa abambo akadali moyo kuti anene poyera pamaso pa abale ndi amfumu, kapena alembe, kuti munda uwu ndi nyumba iyi ndi za mkazi wanga ndi ana, ndiponso kuti maukwati alembetsedwe ndi ana akhale ndi zikalata zakubadwa, poti mlandu ukafika ku boma mapepala amenewa ndi amene amalankhula. Gogo wotchulidwa ufiti uja amayi a mpingo atha kumakagona naye mosinthana masiku oyambirira pamene mitima ya anthu ili yotentha. Ndipo m'bale woopsezedwa ndi manda uja ayenera kumva kuchokera pakamwa pa achinyamata a mpingo, nthawi isanafike, kuti makasu alipo ndipo adzabwera. Zoterezi zimafunika kuzikambirana pa msonkhano wa akulu a mpingo mwezi wabwinobwino kulibe maliro, n'kugawana kuti wopita kwa amfumu ndani, wosunga thumba lothandizira ndani, chifukwa uthenga wa zovuta ukafika usiku aliyense amakhala akuthamangira bokosi ndi ufa, palibenso amene angayambitse nkhani ya ngolo.